Chiwongolero chotsika mtengo cha magemu a magalimoto pa kompyuta: ndigule chiti?

Kamkona:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna chiwongolero choyamba chosewerera pa kompyuta ya Windows, makamaka Assetto Corsa, DiRT Rally 2.0 ndi Euro Truck Simulator 2. Thumba ndi lopepuka, ndiye ndikufuna kugula kamodzi kokha osadzanong'oneza bondo. Zimene ndaika pamndandanda ndi Logitech G29, Thrustmaster T128, Thrustmaster T248 ndi PXN V9. V9 ija ikundikopa chifukwa ili ndi zonse, mapedulo atatu, giya ya pamanja, madigiri 900, chonsecho ndi yotsika mtengo kuposa zinzakezo. Chinsinsi chake n'chiyani? Chiwongolerocho chizikhala pa desiki wamba ndipo mpando ndi wamatayala wa mu ofesi. Nanga kugula chimene wina anachigwiritsapo kale ntchito n'kwanzeru?

Wamagiya:

A Kamkona, chinsinsi cha V9 chili pa katoni pomwepo. Analembapo kuti imanjenjemera, sanalembe kuti ili ndi force feedback, ndipo ziwirizi n'zosiyana kutalitali.

Chiwongolero chongonjenjemera chili ndi timamota tonga ta mu gamepad. Mukagunda khoma chimangoti njenjenje, basi. Chimene chimachibwezera pakati ndi sipuling'i kapena chingwe cha labala, ndipo kukoka kwake n'kumodzimodzi kaya muli pa phula louma, m'matope, kapena galimoto yadumpha matayala ali m'malere. Cha force feedback chili ndi mota imene gemu imailamula kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo motayo imapotokola chiwongolero m'manja mwanumo. Matayala akutsogolo akayamba kuterereka pakona, chimapepuka. Kumbuyo kukayamba kuthawa, chimatembenukira chokha mbali imene mukuyenera kukhotera kuti galimoto muigwire. Mu DiRT Rally uthenga umenewu umafika m'manja maso asanaone kanthu, ndipo popanda uthengawo mumangoyendetsa mongoganizira. Choncho V9 ifufuteni. Pamodzi nayo fufutaninso Thrustmaster T80, Ferrari 458 Spider ndi Hori Apex mukazipeza penapake: zilibe mota yotere, komanso zimathera pa madigiri 240 kapena 270.

Madigiriwa muwamvetse chonchi. 900 ndi kuzungulira kawiri ndi theka kuchoka kumapeto a kumanzere kukafika kumapeto a kumanja. 270 sikukwana n'komwe kuzungulira kamodzi. Pa chiwongolero cha 270, kukhotetsa pang'ono kokha ndiye kuti matayala a thiraki akhota kwambiri, moti kubweza ngolo chambuyo kuti ilowe pamalo ake kumasanduka ntchito ya thukuta. Cha 900 mutha kuchichepetsa kukhala 540 kapena 360 gemu ikafuna, koma cha 270 simungachiwonjezere.

Zotsalazo zimasiyana pa mmene mphamvu ya mota imafikira pa chiwongolero.

G29 inatuluka mu 2015. Ili ndi mamota awiri oyendetsa magiya a mano opendekeka, ndipo mphamvu yake imapitirira pang'ono 2 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu imene mota imapotokolera chiwongolero). Magiya ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba ndi phokoso: mukakwera m'mphepete mwa msewu kapena mukamathamanga pa miyala imachita gwedegwede, ndipo phokosolo limalowa m'desiki n'kumveka chipinda chinacho. Chachiwiri ndi kampata ka pakati. Pakati pa mano a magiya pamayenera kutsala mpata, ndipo mamota awiriwo anawakonza kuti asamalimbane, ndiye mukalunjika pa msewu wowongoka pamakhala kadera kakang'ono kamene simumva kalikonse. Ubwino wake ndi kulimba. Chogwirira n'chokutidwa ndi chikopa, tosinthira magiya ta kuseri n'tachitsulo, mapedulo ndi atatu, ndipo zida zake zosinthira sizisowa chifukwa zinagulitsidwa zochuluka zedi. G920 ndi mphasa yake, m'kati n'chimodzimodzi, kungoti inapangidwira Xbox ndipo ilibe timagetsi tosonyeza nthawi yosintha giya; pa kompyuta zonse ziwiri zimagwira. G923 ya mu 2020 ndi makina omwewo atawonjezera TrueForce, kunjenjemera kwina kumene kumagwira m'magemu okhawo amene anakulola. Ngati kusiyana kwa mtengo kuli kwakukulu, G923 isakupwetekeni mutu.

T128 ndi T248 zimaphatikiza lamba ndi magiya, monganso akulu awo T150 ndi TMX. Lamba amameza kugwedera kuja, ndiye zimayenda mofewa komanso mwakachetechete. T248 imafika pafupifupi 3.5 Nm. T128 ndi yofooka poyerekeza, chogwirira chake n'chaching'ono ndiponso cha pulasitiki chokhachokha, manja akachita thukuta chimaterera.

Pa magemu anu atatuwo ine ndingatenge G29, chifukwa kilatchi ilipo kale ndipo giya ya pamanja ya Logitech, ya magiya 6 ndi rivesi yodinikiza pansi, imangolumikizidwa kunsi kwa chiwongolero tsiku limene mudzaipeze.

Nachisale_GT:

A Wamagiya mwalongosola bwino za mota, koma mapedulo mwangowadutsa, pamene nthawi yambiri pa mpikisano imatayika ndi phazi osati manja. Pamenepa ndi pamene G29 imatsalira.

Mapedulo a G29 amayeza kuponda kwanu ndi potentiometer, kachipangizo konga kokwezera voliyumu pa wailesi, kamene m'kati mwake kachitsulo kamakhula pa kanjira ka kaboni. Fumbi likalowa, kapena kanjirako kakaperepeseka, kompyuta imayamba kulandira manambala odumphadumpha. Mwaponda moto mpaka pansi koma gemu ikuonetsa 100, 93, 100, 88. Kapena buleki ikugwira yokha pang'ono phazi lili kutali, galimoto n'kumachedwa pa msewu wowongoka inu osadziwa chifukwa. Mankhwala ake alipo, kutsegula mapedulo n'kupopera contact cleaner, koma vutolo limabwerera. Mapedulo a T248, otchedwa T3PM, amayeza ndi maginito. Palibe zokhulana m'kati, ndiye matenda amenewa sawagwira.

China ndi buleki. M'kati mwa sipuling'i ya buleki ya G29 ndi G920 anaikamo kampira kolimba kofuna kutsanzira buleki ya galimoto yeniyeni. Pedulo imayenda mofewa poyamba, kenako imauma mwadzidzidzi, ndipo kuti mufike pa 100 mumayenera kukankha mwamphamvu. Pa mpando wamatayala ngati wanuwo, chimene chimayenda si pedulo koma mpando, kubwerera m'mbuyo. Ena amatsegula n'kuchotsa kampirako, koma njira yosaononga kanthu ndi kuuza gemu kuti pamene phazi lanu limafika mosavutika ndi pamene pali 100. Buleki ya T3PM imabwera ndi masipuling'i awiri, lofewa ndi lolimba, ndipo mutha kuitchera mitundu inayi ya kuuma. Kwa wokhala pa desiki zimenezi n'zothandiza kwambiri.

Sindikunena kuti T248 ndi yangwiro. Tosinthira magiya take n'tamaginito ndipo timalira kuti thwa! moti usiku anthu m'nyumba akudziwani. Chogwirira chake sichichoka kuti muikepo china. Ikasiyidwa kuti idzizungulire yokha imachedwerapo, zimene okonda drift, kuyendetsa motereretsa galimoto cham'mbali mwadala, sasangalala nazo. Giya ya pamanja ndi yogula padera, TH8S kapena TH8A, ngakhale ubwino wake ndi woti pa kompyuta imalowa pa USB yakeyake. Ya Logitech ija siigwira popanda chiwongolero cha Logitech pokhapokha mutapeza adaputala.

T128 yokha ndiye ayi. Mapedulo ake ndi amaginito ndithu, koma ndi awiri okha, opepuka, oyandikana, ndipo amayenda kamtunda kakafupi, moti kuponda buleki mwa theka n'kovuta. Mudzafuna kuwasintha miyezi isanathe, ndipo mukaphatikiza ndalama ziwirizo mudzapeza kuti mwafika pa T248 pomwe mumathawa paja.

Kumbukiraninso kuti kompyuta siili ngati PlayStation kapena Xbox: imalola kusakaniza zida za makampani osiyana malinga chilichonse chili ndi USB yake. Tsiku lina mutha kugula mapedulo a load cell monga T-LCM, amene amayeza mphamvu ya phazi mpaka makilogalamu 100 m'malo moyeza mtunda umene pedulo yayenda, n'kuwagwiritsa ntchito ndi chiwongolero chilichonse. Mwendo umakumbukira mphamvu bwino kuposa mtunda, n'chifukwa chake oyendetsa ndi load cell amaponda buleki mofanana kona iliyonse. Koma amenewo amafuna mpando ndi mapedulo zomangidwa pamodzi, si za lero.

Sipanala:

Pa funso la chogwiritsidwa kale ntchito: inde n'kwanzeru, ndipo ndi kumene thumba lopepuka limapindula kwenikweni. Anthu ambiri amagula chiwongolero, n'kusewera milungu ingapo, n'kuchiponya pamwamba pa kabati. Ndalama ya G29 yatsopano nthawi zina imakwanira Thrustmaster T300 RS yakale, ndipo imeneyo ndi ya kalasi ina: malamba okhaokha, mota ya brushless (yopanda maburashi okhulana m'kati), madigiri 1080, mphamvu pafupifupi 4 Nm, chogwirira chochoka. Koma musapereke ndalama musanachiyese chili cholumikizidwa ku magetsi ndi kompyuta. Chitani izi motsatana:

1. Chiyatseni manja ali kutali. Chiyenera kudzizungulira chokha kumapeto onse awiri n'kuima pakati penipeni. Chikaima chopendekera, chikagunda kumapeto mwamphamvu mobwerezabwereza, kapena chikalekera panjira, sensa yake ili ndi vuto. Pa G25 ndi G27, ziwongolero zakale za Logitech, matenda odziwika ndi kambale ka pulasitiki ka mabowo kamene kali kuseri kwa mota. Kamang'aluka, n'kumaterera pa shafiti, ndipo chiwongolero chimasokera pakati pake muli mu mpikisano.
2. Dinani Windows ndi R, lembani joy.cpl, tsegulani Properties. Pondani pedulo iliyonse pang'onopang'ono mpaka pansi n'kuisiya pang'onopang'ononso. Mzere uziyenda mosadumpha, uzifika kumapeto, uzibwerera pa ziro.
3. Dinani batani lililonse ndi tosinthira magiya tonse kakhumikakhumi. Kudina kamodzi kukamalembedwa kawiri, giya izidzadumpha kuchoka 2 kupita 4.
4. Chili chozima, gwirani chogwirira n'kuchigwedeza m'mwamba ndi pansi, kenako n'kuchikokera kwa inu. Chisamagwedere pa shafiti.
5. Yang'anitsitsani zomangira pa desiki. N'zapulasitiki, ndipo amene amamanga mopyola muyeso amazing'alula.
6. Sewerani osachepera mphindi 20 kapena 30. Izi n'zofunika makamaka pa T300, chifukwa mota yake ikatentha imadzichepetsera mphamvu yokha kuti isapse. Fani ya m'kati iyenera kumveka ikuzungulira. Ngati mphamvu ikuzilala fani ili zii, chisiyeni.

Adaputala ya magetsi ikhalepo, ndipo ikhale yake yeniyeni. Ya G27 ndi G29 ndi ya 24 V, 1.75 A, popanda iyo mabatani atha kuoneka amoyo koma mota siidzuka. Pa ziwongolero zimene waya wa magetsi umalowa mwachindunji, werengani kachikwangwani ka voteji musanalumikize, chifukwa zina zinapangidwira mtundu umodzi wokha wa magetsi, ndipo cha 110 V chikalowa pa 230 V chimapsa nthawi yomweyo.

G27 ikapezeka yabwinobwino si yonyozeka, imabwera ndi giya ya pamanja kale. Kungoti G HUB, pulogalamu ya Logitech yotcherera ziwongolero, siiizindikira, imafuna pulogalamu yakale ya Logitech Gaming Software 5.10.

Kamkona:

Zikomo kwambiri nonse, V9 ndi T128 ndazichotsa. Koma ndikuonanso anthu akutchula direct drive, monga Moza R3 ndi R5. Kodi ndipirire ndisunge ndalama mpaka zikwane zimenezo? Nanga desiki ingapirire?

Wamagiya:

Direct drive ndiye kuti chogwirira chamangidwa pa shafiti ya mota mwachindunji, palibe giya kapena lamba pakati. Palibe kampata, palibe gwedegwede, ndipo timauthenga ting'onoting'ono timene lamba amameza timafika tonse. R3 ndi ya 3.9 Nm, R5 ndi ya 5.5 Nm, Fanatec CSL DD ndi ya 5 Nm ndipo imafika 8 Nm mukaigulira adaputala yaikulu ya magetsi. Ngati kusiyana ndi T248 yatsopano kuli kwakuti mutha kukukwanitsa mutadikira pang'ono, dikirani, chifukwa simudzafunanso kusintha msanga. Koma muwerengere zonse. Phukusi la R3 kapena R5 limabwera ndi mapedulo awiri. Kilatchi ndi yogula padera, giya ya pamanja nayonso padera. Pa CSL DD onetsetsani ngati mtengo umene mwaonawo ukuphatikiza chogwirira, mapedulo ndi chomangira pa desiki, poti nthawi zambiri ndi wa mota yokha.

Kwa munthu amene theka la nthawi yake azikhala mu thiraki, manambala a Nm asamusokoneze. Euro Truck siifuna mphamvu, imafuna madigiri ndi mabatani ambiri.

Za desiki: mpaka 5 Nm desiki yolimba imapirira. Thabwa likhale lochindikala masentimita awiri kapena kuposerapo, ndipo kunsi kwake m'mphepete musakhale chitsulo chopingasa kapena dilowa yotsekereza chomangira. Yagalasi ayi. Ya mphako m'kati, imene ndi timatabwa tiwiri topyapyala tokhala ndi makatoni pakati, imabooka mukamanga. Ikani kathabwa pamwamba ndi pansi kuti mphamvu imwazike. Desiki ikamagwedera, sikirini imagwedera nayo, ndipo gawo la mphamvu ya mota limathera m'miyendo ya desiki m'malo mofika m'manja.

Mpando: lowetsani matayala awiri akumbuyo mu nsapato zakale, kapena mangani lamba kuchoka pa mwendo wa mpando kukafika ku mapedulo. Mapedulowo atsamire khoma, pakati muikepo thabwa kapena bokosi kuti waya usapanikizike. Mapedulo a Logitech ali ndi kapulasitiki ka minga kunsi kotulutsa mukakhala pa kapeti. Pa simenti kapena matailosi kabwezereni m'kati kuti timiyendo ta labala tigwire. Mukadzafuna kumanga pa thabwa, mabowo a kunsi ndi a mabawuti a M6, ndipo musagwiritse ntchito aatali mopyola chifukwa amakagunda zida za m'kati.

Nachisale_GT:

Chilichonse chimene mutenge, a Kamkona, tsiku loyamba musathamangire mu gemu. Ziwongolero zambiri zimene anthu amati n'zoipa zimakhala zosatcheredwa bwino.

Yambani ndi kuika pulogalamu yake, G HUB ya Logitech, madalaivala a Thrustmaster kapena Pit House ya Moza, kenako mulumikize USB kuseri kwa kompyuta mwachindunji, osati pa hub, kabokosi kochulukitsa mabowo a USB. Hub imatha kuchititsa kuti chiwongolero chizisowa pakati pa mpikisano. T150 ndi T300 zimene zili ndi siwichi ya PS3 ndi PS4 zimafuna siwichiyo ikhale pa PS3 mukakhala pa kompyuta. Ngati pali firmware yatsopano, pulogalamu ya m'kati mwa chiwongolero, iikeni, koma musakhudze waya uliwonse mpaka ithe.

Mu G HUB ikani madigiri pa 900, sensitivity pa 50, ndipo centering spring muizimitse. Spring imeneyi ndi mphamvu yabodza yokokera pakati, imaphimba uthenga weniweni wa matayala, n'kusandutsa G29 yanu kukhala V9 imene mwaikana ija. Pa Thrustmaster chimodzimodzi, auto-center isiyireni gemu, ndipo mphamvu yonse isiyeni pomwe imabwera.

Madigiri a mu pulogalamu ndi a mu gemu azifanana. Akasiyana, manja anu ndi chiwongolero cha pa sikirini zimayenda mosiyana, ndipo galimoto imakhala yaukali kwambiri kapena yaulesi. Mu DiRT Rally 2.0 chitani calibration, yatsani soft lock kuti galimoto iliyonse itenge madigiri ake. Ngati mukuona kuti manja akuchedwa pa makona otsatizana, 540 ndi imene ambiri amaikonda. Mu Euro Truck siyani 900 yonse. Gemu ikamaona chiwongolero ngati gamepad, zimitsani Steam Input ya gemu imeneyo. Moto ndi buleki zikamayendera mzere umodzi, fufuzani pamene palembedwa combined pedals muchotsepo chizindikiro.

Cholakwa chachikulu ndi kukweza gain, mulingo wa mphamvu ya force feedback mu gemu, mpaka 100 poganiza kuti kulemera ndiko kukoma. Mota ya 2 Nm ili ndi malire ake. Gemu ikapempha 3 Nm pakona, kenako 4 Nm tayala litagunda bampu, kenako 2.5 Nm tayala litayamba kuterereka, mota imangopereka 2 Nm ponseponse. Chiwongolero chimalemera ndithu koma chasanduka bubu, ndipo kupepuka kuja kumene mumayenera kumva sikufika. Kumeneku ndiye amati clipping. Mu Assetto Corsa yatsani ka app ka Pedals. Kamzere kakumapeto kamasonyeza mphamvu yopita ku mota ndipo kamafiira ikadzaza. Zungulirani kawiri katatu, n'kumatsitsa gain ndi 5 nthawi iliyonse mpaka kazifiira pokhapokha mwagunda bampu yaikulu, osati kona yonse. Galimoto iliyonse ili ndi mulingo wake, ndipo mutha kuusintha muli pa msewu ndi mabatani a + ndi - a pa numpad.

Mu Assetto Corsa momwemo, filter ikhale pa 0. Kerb, road ndi slip ndi zokometsera zongowonjezera, zichepetseni, makamaka pa G29 poti ndi zimene zimachititsa magiya kuchita phokoso. Kampata ka pakati kamene anatchula a Wamagiya kamatsekeka ndi minimum force: pa G29 yambirani pa 10, kwezani mmodzimmodzi mpaka pakati pamveke, ndipo chikayamba kudzigwedeza chokha kumanzere ndi kumanja pa msewu wowongoka, bwererani m'mbuyo ndi 2. T248 ndi T300 zimafuna yochepa kwambiri, direct drive siifuna n'komwe.

Sipanala:

Kuwonjezera pang'ono pa T300, ngati mungaipeze: ili ndi njira yokakamiza fani kuti izizungulira nthawi zonse m'malo modikira mota itenthe, ndipo bukhu lake limafotokoza mabatani ake. Iyatseni tsiku loyamba lomwelo, ndipo mabowo a mpweya asatsamire khoma kapena kuphimbidwa ndi nsalu. Funsaninso kuti ikubwera ndi mapedulo ati, chifukwa T300 RS wamba ili ndi awiri, pamene GT Edition ndi imene ili ndi atatu.